Manda a Atate Anali M'kati mwa Mabikoni

Ndaga, zikomo abusa, pondipatsa mpata. Abale anga, ndiyankhula m'Chichewa chifukwa ndikuona aphunzitsi ndi anamwino ochokera kumwera ali pakati pathu, ndipo ngongole sisankha mtundu. Dzina langa ndine Lusekelo, wa ku Mwenilondo konkuno. Ena mumandidziwa monga dalaivala wa lole ya mpunga. Ena mudakandikumbukira ndili pa njinga ya kago, thukuta lili chuchuchu. Achikulire ochepa mukukumbukira Lusekelo wina, wa nsapato zachitsulo kumapazi ndi chipewa cha kumgodi, amene ankalowa m'bala n'kunena kuti aliyense amwe. Anthu atatu onsewo ndine ndemwe, ndipo lero sindichita manyazi ndi mmodzi yemwe wa iwo.

Mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa ndinapeza ntchito yoyendetsa galimoto zikuluzikulu. Ndalama zimene zinkalowa mwezi ndi mwezi atate anga sanazigwirepo moyo wawo wonse. Iwo anali mlimi wa mpunga, anamwalira ine ndisanayambe ntchitoyo, ndipo tinawaika monga timaikira ife Angonde, pakhomo pawo pomwe, kuseri kwa nthochi. Inu a kumwera mumadabwa nazo zimenezi, ndikudziwa. Kwanu manda amakhala kunkhalango, kwathu wakufa sachoka pamudzi. Amamva ana akusewera, amamva mbale zikugwa. Amayi m'mawa uliwonse ankasesa pamanda paja asanasese pakhomo pa iwo eni.

Tsono ine ndi ndalama zanga ndinafuna nyumba. Osati nyumba wamba ayi, nyumba yoti wodutsa pamsewu wa tala atembenuze khosi. A kubanki anati atha kundipatsa ngongole ya nyumba, pakuti malipiro anga ankadzera kwa iwo, koma malo a makolo sangakhale chikole pokhapokha atakhala ndi mapepala a lizi. Ndinathamanga nazo. Amayi ndinangowauza kuti boma likufuna kulemba malo kuti anthu asamatilande, iwo anadinda chala, nkhani inatha.

Tsiku limene anabwera oyeza malo ndi limene ndinadzikola ndekha. Mkulu wawo anandifunsa kuti zikhomo za simenti zija, mabikoni, aziike pati. Anati, "Bwana, tidule apa, nthochizi zitsale kunja?" Ine ndinali nditamva kuti malo akakula, mtengo wake umakula, ndipo ngongole imene angakupatse imakulanso. Ndinatambasula dzanja ngati mwini dziko. Ndinati zungulirani ponse, mpaka kuseri uko. Sindinaiwale kuti atate agona pamenepo, musandichepetsere mlandu. Ndinkadziwa. Ndinangoti mumtima, ndani angalephere kubweza ngongole ali pa ntchito ya kumgodi?

Nyumba inamangidwa, ya malata obiriwira, khonde lalikulu, matailosi mpaka kubafa. Mkazi wanga Tumpale, amake Gwakisa, ankayenda m'menemo mochita kunyang'ama ngati ali m'nyumba ya eni. Ankandifunsa kuti, "Abambo a Gwakisa, zipinda zonsezi agonemo ndani?" Ine ndinkamuseka kuti ali ndi mtima wa umphawi.

Kenako mgodi unatseka. Za pamenepa sindichedwapo, ambiri mukuzidziwa, zinagwera mudzi wonse. Ndalama zotsanzikira anatipatsa, ndipo munthu wanzeru akanapita nazo kubanki tsiku lomwelo. Ine ndinagula galimoto yakale kuti ndiziyendetsa matola a ku Songwe. Inadya ndalama kuposa mwana wodwala, kenako inakhala pa miyala. Ndinayesa kuoda zovala ku Kyela, kutsidya kwa malire, mnzanga amene ndinamutuma sanabwerenso. Anthu ankati mgodi utsegulidwa chaka chamawa, ine n'kumadikira chaka chamawacho ndili m'bala. Mowa wa m'mabotolo utandikulira mtengo ndinatsikira ku timapaketi, timapaketi titasowa ndinatsikira ku kachasu. Foni ikalira nambala ya kubanki ndinkaizimitsa. Pomaliza ndinataya simukhadi m'chimbudzi, n'kumadziona ngati wochenjera. Ndikapita kutauni ndinkazungulira njira ya kumsika kuti ndisadutse pakhomo pa banki, munthu wamkulu ndi ndevu zanga. Tumpale ndiye ankatidyetsa ndi usipa umene ankagula kunyanja n'kukagulitsa pamsewu. Akandifunsa za ngongole ndinkamukalipira kuti za amuna azisiyire amuna.

Makalata ochenjeza anabwera, sindinawawerenge. Kenako nyumba yanga inatuluka m'nyuzipepala, pa mndandanda wa zogulitsa. Ndinamva kwa anzanga a kumowa, ndipo tinamwera nkhani yomweyo.

Tsopano ndifike pa tsiku limene landiimika pano. Unali m'mawa wa mwezi wotentha, dzuwa la Karonga lija loti likangotuluka layamba kale ndewu. Ndinali pansi pa mtengo wa mango, mutu ukugunda ndi matsire. Panaima galimoto, n'kutsika bambo wina wa mkanjo woyera ndi kofia, wamalonda a mpunga wochokera ku Mangochi amene ali ndi sitolo kutauni. Dzina lake Che Yusufu. Anapereka moni mwaulemu, n'kunena mosabisa kuti waona nyumbayi m'nyuzipepala ndipo akufuna kuiona asanapite kukapikisana nawo mtengo. Ndinalibe mphamvu zomuthamangitsa. Ndinangoti onani.

Anazungulira nyumba, akugogoda makoma, akuyang'ana denga. Ine ndikumutsatira pambuyo ngati mlonda. Atafika kuseri anaima n'kuloza nthochi zija.

"Apa mpabwino," anatero. "Nthochizi ndidula, ndithira simenti ponsepa, pakhale poyanika mpunga."

Anapatula masamba kuti aone kukula kwa malo. Ndipo anapeza amayi atawerama ndi tsache lawo, akusesa pamanda.

Che Yusufu anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana mtanda, anayang'ana amayi, anayang'ana ine. Anafunsa motsitsa mawu, "Amayi, pepani, agona apawa ndani?"

Amayi anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Chichewa chawo n'chothyokathyoka koma tsiku limenelo chinamveka bwino. Anati, "Amenewa ndi eni malo. Inu ndinu ndani?"

Amayi ankadziwa kuti ndili ndi ngongole, mudzi wonse unkadziwa. Ankadziwa kuti nyumba ikhoza kupita, ndipo anali atanena kale kuti njerwa ndi njerwa, tidzaumba zina. Chimene sankadziwa n'chakuti chala chimene anadinda chija chinapereka nthaka yonse, ndi mwamuna wawo ali momwemo.

Mlendo uja anandikokera pambali. Anati, "Achimwene, ine sindigula malo amene pagona bambo a munthu. Chipembedzo changa sichindilola kupondaponda manda, ndipo ngakhale chikanandilola, mtima wanga sukanalola. Koma ndikuuzeni zoona. Ine ndikapanda kugula agula wina, ndipo winayo abwera ndi thirakitala." Anakwera galimoto yake n'kumapita.

Ndinatsala ndi amayi. Ndinkayembekeza kuti alira, kapena anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iwo anatsamiritsa tsache pa nthochi n'kunena kuti, "Mwanangu, kandionetse miyala ya boma ija."

Tinayamba ndi bikoni ya kumsewu. Anaiyang'ana. Tinatsata mpanda wa minga mpaka ina ya kumbali kwa chitsime. Ankayenda pang'onopang'ono, miyendo yawo inali itayamba kale kuvuta, ndipo ine ndinkafuna nthaka ingonditsegukira. Ya kuseri inali itakwiririka ndi udzu. Ndinaima patali n'kuloza ndi mlomo. Anati, "Ayi, fukula ndiione." Ndinagwada n'kuzula udzu ndi manja anga mpaka simenti inaonekera. Amayi anaima pa bikoni ija n'kutembenuka. Kuchokera pamenepo manda a atate anali pakati pa iwo ndi nyumba. Panalibe chofotokoza, mwana wamng'ono akanaona yekha kuti ali m'kati.

Anati, "Ndiye kuti atate ako zaka zonsezi akugona kubanki."

Ndinati, "Amayi, ndikonza."

Anati, "Usakonze kanthu. Ng'ombe zimene anapereka atate ako kwathu zinali zoti ine ndidzagone apa, pambali pawo. Koma ine sindigona m'nthaka ya ngongole, kuti mawa adzandifukule ngati chinangwa. Ndikafa, ukanditule kwa alongo anga ku Mlare. Ndiwatumira mawu lero."

Inu a kuno mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kwa alendo ndimasulire. Mkazi wolowoledwa, amene wabereka ana n'kukalamba pamudzi, saikidwa kwawo. Akabwerera kwawo ali mtembo, ndiye kuti pamudzi pa mwamuna wake panalibe mwana wamwamuna woti n'kumusunga. Amayi anali kundiuza, ndili moyo ndili chiimire, kuti sanabereke. Ndipo mawu anatumizadi. Amalume anayankha kuti malo alipo.

Ndinakhala pa bikoni paja mpaka dzuwa linafika pamutu. Sindinaone masomphenya, abusa mundikhululukire, sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangomva manyazi, manyazi enieni. Ndipo kwa nthawi yoyamba sindinafune kuwathira mowa. Ndinapita kwa Tumpale, ndinamupeza akuyanika usipa, ndinamuuza zonse kuyambira tsiku la oyeza malo. Kenako anati, "Mawa musambe, muvale malaya a kutchalitchi. Tikupita kubanki tonse, ndipo mukayankhula ndinu."

Mverani apa inu amene mwazimitsa mafoni, ndikukuonani mukuyang'ana pansi. Ine ndinkaganiza kuti ndikangolowa m'banki andimanga. Anatilandira mayi wina wa ngongole, anatipatsa mipando, n'kunena kuti, "Bambo, takhala tikukusakani. Ife sitigulitsa nyumba chifukwa chokonda, timagulitsa chifukwa mwini wake wasowa." Sananyengerere ayi. Anationetsa mmene chiwongola dzanja chinakwerera nthawi yonse imene ine ndinkabisala, ndipo nditaona ndinamva chizungulire. Ndinapempha kuti adule kachigawo ka manda kokha kachoke pa chikole. Anati sizitheka, chikole n'chimodzi, chidzatuluka chonse kapena chidzapita chonse. Koma anati ngati tingabweretse kenakake msanga, ndi kuonetsa kumene ndalama za mwezi ndi mwezi zizichokera, akhoza kukapempha akuluakulu ake kuti aimitse kugulitsa ndi kutalikitsa zaka zobwezera.

Kenakake kaja tinakapeza pogulitsa ulemerero wanga wonse. Mipando ya sofa, wailesi ya kanema, firiji, chigoba cha galimoto chija kwa okonza magalimoto. Anthu ankabwera kudzasankha katundu ngati pamsika, ena a iwo omwe ndinkawagulira mowa. Nsapato za kumgodi zokha ndinasunga, mpaka lero zilipo.

Za mwezi ndi mwezi ndiye zinali mutu. Tumpale ndi amene anati, "Bambo wa mkanjo uja sankafuna nyumba yogona, ankafuna posunga mpunga. Pitani mukamufunse." Ndinakana poyamba. Ndikapemphe kwa munthu amene anabwera kudzagula manyazi anga? Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndinapita. Che Yusufu anandimvetsera mpaka kumapeto. Anavomera kuchita lendi nyumba yonse, koma anaika mfundo ziwiri. Anati ndalama ya lendi sidzadutsa m'manja mwanga, izipita yokha kubanki. Ndipo anati anyamata ake sadzaponda kuseri kwa nthochi. Mfundo yoyambayo inandiwawa, koma munthuyo anali atandinunkhiza tsiku lija, sankanama.

Choncho tinasamuka m'nyumba ya matailosi n'kulowa m'kanyumba ka kukhitchini, ine, mkazi wanga ndi ana. M'chipinda changa chogona munadzaza matumba a kilombero mpaka kudenga. Tumpale anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Paja ndinkafunsa kuti zipindazi agonemo ndani. Ndayankhidwa." Tinaseka, koyamba patapita nthawi yaitali.

Lendi sinkakwana yokha, ndiye ndinabwereka njinga n'kuyamba kago. Ine amene ndinkayendetsa galimoto yoti tayala lake limatalika kuposa munthu, tsopano ndikupalasa amayi onenepa ndi madengu awo kuchokera kudepoti. Anzanga akale ankaima pakhonde la bala n'kumakuwa, "Bwana wa mgodi, giya yachiwiri!" Masiku oyamba ndinkafuna kutsika ndiwamenye. Kenako ndinaphunzira kuwaimbira belu n'kudutsa. Ndalama za tsiku ndinkazitumiza pa foni ya Tumpale ndisananyamuke kutauni, kuti podutsa pa bala m'thumba mukhale mulibe kanthu. Musadzinamize kuti muli ndi mtima wolimba. Thumba lopanda kanthu ndi lolimba kuposa mtima.

Ndinagwa kamodzi, sindibisa. Kunali maliro a msuweni wanga, ng'oma zikulira monga timachitira, wina anandipatsa kapu ndipo ndinadzuka tsiku lotsatira m'ngalande, njinga ya eni itapindika. Nditafika kunyumba amayi anali kuseri ndi tsache lawo. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Msewu wa ku Mlare ukadali wabwino? Ndikufunsira galimoto ya maliro." Kuyambira tsiku limenelo mowa sunadutsenso pakhosi panga, ndipo pamaliro ndimakhala pafupi ndi azimayi a kwaya, ngakhale amuna anzanga andiseke.

Chinthu china chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku chinali nthochi zija. Kwathu nthochi zimafuna kupatulira ana ndi kubzala ena, ndipo amayi ndiwo ankachita zimenezo chiyambire ukwati wawo. Chichokereni pa bikoni paja analeka. Ankasesa pamanda, koma khasu sanaligwirenso pamenepo. Ndikawafunsa ankati sabzalira banki. Nthochi zinayamba kuchepa, mbalagha, chakudya chathu cha nthochi zophika ndi nyama, inasowa pakhomo pathu, ndipo manda anayamba kuonekera kuchokera kumsewu. Chimenecho chinkandithamangitsa kuposa makalata onse a kubanki.

Patapita nthawi dalaivala wa Che Yusufu anasiya ntchito. Che Yusufu anali ataona kuti sindikununkhanso, anandifunsa ngati laisensi yanga ikadali ndi moyo. Ndinaikonzetsa ndi ndalama za kago. Ndinayamba kunyamula mpunga kupita nawo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Apa ndiye tinaphunzira nzeru ina. Mayi wa kubanki uja anatiuza kuti ukaponya ndalama yoonjezera pamwamba pa ya mwezi, uziwauza kuti idule ngongole yeniyeniyo, chifukwa chiwongola dzanja chimamera pa imeneyo. Nyengo yokolola, malonda akakoma, chilichonse chapamwamba tinkaponya kumeneko. Tumpale ankapita yekha kukafunsa zotsala, ndipo ankabwera akuyenda ngati mwini banki. Ana anadya usipa mpaka kudana nawo. Panali miyezi ina imene tinalephera kukwanitsa, koma tinkapita tisanaitanidwe, n'kukanena kuti mwezi uno zavuta. Munthu amene wabwera yekha samuthamangitsa.

Mantha anga aakulu anali amodzi, kuti amayi angatisiye ngongole isanathe. Chaka china anadwala chibayo, tinawagoneka kuchipatala, ndipo amalume anabwera kuchokera ku Mlare atavala jekete lakuda, okonzeka. Ndinagwada pambali pa bedi n'kunena kuti, "Amayi, mundidikire, kwatsala pang'ono." Anatsegula diso limodzi n'kunena kuti, "Fulumira, ine si banki, sinditalikitsa zaka." Kyala, Mulungu wathu, ndi wabwino, amayi anadzuka.

Tsono inu amene mukufuna kutenga ngongole ya nyumba, sindikuletsani. Nyumba yanga ilipo chifukwa cha ngongoleyo. Koma oyeza malo akadzabwera, muitane amayi anu, akazi anu ndi abale anu aime pomwepo, aone pamene bikoni ikulowa. Manda, chitsime ndi kanyumba ka okalamba zitsale kunja, ngakhale ngongole ichepe. Mumange nyumba yoti mungailipire ntchito itatha mawa, chifukwa ntchito imatha, ngakhale mgodi uja unatseka. Ndipo zikavuta musathawe. Ine kuthawa kunandidyera ndalama zambiri kuposa mowa.

Mwezi wathawu anandiitana kubanki. Mayi uja anakalamba nane limodzi pa nkhaniyi, imvi zayamba. Anandipatsa mapepala a lizi m'manja, n'kundigwira chanza, ndipo ine bambo wamkulu ndinalira pamaso pa anthu a pamzere. Sindinapite kunyumba mwachindunji. Ndinapita ku Mlare kukatenga amalume, ndinawakweza kutsogolo kwa lole.

Titafika ndinaika mapepala pamiyendo pa amayi. Iwo sawerenga. Anawatembenuza uku ndi uku, n'kuwapereka kwa Tumpale, osati kwa ine, kuti, "Mkamwana, n'zoona?" Tumpale anati n'zoona. Anati, "Ndigwireni dzanja."

Tinayendanso ulendo uja, bikoni ndi bikoni, koma tsopano tili gulu, amalume, ana, ngakhale Che Yusufu amene anaima chapatali mwaulemu. Pa bikoni ya kuseri sipanafunike kufukula, ndakhala ndikupalira pamenepo zaka zonsezi. Amayi anaima pomwe anaima tsiku lija. Anayang'ana manda, anayang'ana nyumba. Kenako anatembenukira kwa amalume.

"Alongo anga, malo aja a ku Mlare mupatse wina. Ine ndili ndi mwana."

Abale anga, ndalandirapo malipiro aakulu pa moyo wanga, koma sindinalandirepo chinthu choposa mawu amenewo.

Anayenda mpaka pambali pa atate, anagogoda pansi ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Apa." Ine ndinati ndamva, amayi. Ndiye anandiyang'ana ndi diso lija, n'kunena kuti, "Wamva chiyani? Ndati apa ukumbe dzenje la nthochi. Langa lidikire, ndiyambe ndadya mkoko woyamba."

Ndi awo akhala kutsogoloko, a mpango wobiriwira, akundiyang'ana ngati ndatalikitsa. Nthochi yawo yatulutsa masamba atsopano sabata ino. Ndaga fijo, Kyala akusungeni nonse, inu ndi nthaka yanu.